Apongozi pa Bedi la Pakona

Mliri usanabwere, namwino uyu ankagwira ntchito ku sikelo ya ana. Zaka zisanu ndi zitatu anakhala akupachika makanda pa sikelo, kuwabaya katemera pantchafu, ndi kudzudzula amayi oiwala makadi kunyumba. Ntchitoyo ankaikonda, chifukwa khanda likalira limaiwala msanga, ndipo silikasuma kwa aliyense.

Koma mliri wa chifuwa chobanika uja utakhazikika, anamwino asanu a ku wodi yakuseri, kumene ankagoneka odwala matendawa, nawonso anagwa nawo. M'mawa wina a Metironi, mkulu wa anamwino onse, anatulukira ku sikelo n'kumuloza ndi cholembera.

"Iwe, kuyambira mawa uli ku wodi yakuseri."

"A Metironi, ine ndimadziwa za makanda."

"Kumenekonso ndi makanda okhaokha. Kungoti ali ndi imvi."

Kulowa mu wodi imeneyo sikunali kongoti tsegula chitseko. Munthu ankayamba wadzilonga m'chithumba choyera cha pulasitiki chochokera kumutu mpaka mu akakolo, kenako masiki ziwiri, magalasi ngati a amisiri owotcherera zitsulo, chotchinga kumaso, magolovesi awiriawiri, n'kumalizira jombo. Jombo za phazi lake panalibe. Anamupatsa zotsala, zoti mapazi ake onse awiri akanakwana mu imodzi, moti ankayenda mokhwekhwereza ngati akukolopa. Poyamba anamwino ankalembana mayina pachifuwa, koma cholembera chija chitauma palibe anabweretsa china. Odwala anangoyamba kuwatchula monga ankawaonera. Panali Wamtali, bambo wa miyendo ngati nsungwi. Panali Wanyimbo, amene ankaimbira m'mphuno pobaya jakisoni. Ndiye panali iyeyu, Kamfupi.

Patatha milungu iwiri mawu ake anali atasasa. Kuti wodwala akumve kudzera m'masiki ziwiri, makina a okosijeni akulira mbali zonse, unkayenera kukuwa ngati kondakitala woitanira basi.

Kunyumba nakonso mliri unali utasokoneza mitu. Mwana wawo anamutumiza kwa akulu ake a Kamfupi. Amuna ake, a Tichala, sukulu zitatsekedwa anasowa chochita, ndiye anadzisankha okha kukhala mlonda wa matenda. Madzulo ankamudikirira pageti atanyamula pampu yopopera maluwa, n'kumupopera mankhwala pa nsapato, pa chikwama ndi kumsana. Tsiku lina anapopera ndi buledi yemwe, ndipo anamudya ndithu, akuti kutaya chakudya ndi tchimo.

Chinthu chimodzi anagwirizana awiriwa: amayi awo a Tichala asauzidwe zoti mpongozi wawo wasamukira ku wodi yakuseri. Mayiwo ankakhala okha tsidya lina la tauni, ndipo anali atalengeza kale pafoni kuti anamwino amanyamula matendawa m'tsitsi. Sanali oipa mtima, koma pakamwa pawo panalibe chivindikiro. Kamfupi anaphunzira kalekale kuti pamaso pa apongozi ake mawu ndi awiri okha, "inde amayi" ndi "ayi amayi", onenedwa motsitsa, maso ali pansi.

Lolemba lina cha m'ma teni, Wamtali analowa akukankha njinga ya odwala. Magalasi a Kamfupi anali atachita nkhungu, moti ankangoona chinthu chofiirira chitafungatira chikwama ndi ambulera. Kenako chinthucho chinayankhula, mopumira pakati.

"Kankha bwino iwe. Wanyamula munthu, si simenti."

Kamfupi anawazindikira mawuwo nthawi yomweyo. Anakhwekhwereza jombo mpaka pa chitseko cha galasi cholekanitsa wodi ndi khonde, pamene a Metironi anaima ndi mafayelo.

"A Metironi, awo abwerawo ndi apongozi anga."

"Ndiye?"

"Malamulo salola kuti munthu asamale wachibale."

"Muli atatu, mabedi ndi makumi awiri ndi anayi. Malamulowo akadzabwera kudzavala thumba, iwe udzapume."

Pa nthawi yopuma Kamfupi anaimbira amuna ake. Anali kale pageti la chipatala, alonda atawakaniza kulowa.

"Chonde mayi a mwana, musawauze kuti ndinu. Mukuwadziwa. Akana mankhwala, adzati mwapeza mpata wowabwezera."

Kamfupi anafuna kutsutsa, koma anadziwa kuti ndi zoona.

Apongozi anawagoneka pa bedi la pakona, moyandikana ndi mayi wina wojintcha amene anapuma ntchito ku polisi, yemwe wodi yonse inkawatcha a Sajeni. Dokotala, amene ankaoneka kamodzi patsiku ali pa liwiro, analamula kuti apongozi azigona chafufumimba kuti mapapo atseguke, ndipo kachubu ka okosijeni kasachoke m'mphuno. Wanyimbo anawanyengerera, anakana. Wamtali anawafotokozera za mapapo mpaka kujambula papepala, anakana.

"Ine ndinasiya kugona chafufumimba ndisanamere mano," anatero, atachotsa kachubu kuti mawu amveke bwino. "Ndife anthu aulemu wathu."

Kamfupi anayang'ana kachipangizo kopana chala kamene kamaonetsa mpweya wa m'magazi. Nambala inali kutsika, ndipo milomo ya apongozi inali itayamba kuchita mbuu. Mantha anamugwira, n'kutulukira pakamwa asanawaganizire.

"Bwezerani chubucho m'mphuno. Tembenukani. Pano si pa msonkhano, ndi pa bedi. Ndiwerenga mpaka katatu."

Iye mwini anadzidzimuka ndi mawu akewo, koma sanafike n'komwe pa kawiri. Apongozi anabwezera kachubu, anagubuduka, nkhope n'kuiika pa pilo. Patapita kanthawi anatembenuza mutu n'kuyang'ana a Sajeni ndi diso limodzi.

"Mwamuona? Ameneyu ndiye namwino. Osati mpongozi wanga."

"Mpongozi wanu nayenso ndi namwino?"

"Wa dzina lokha. Amangoyeza makanda ngati wogulitsa nyemba. Munthu wake ngozizira ngati tiyi wa dzulo. Ukamufunsa kanthu, inde amayi. Ukamukalipira, inde amayi. Tsiku lina ndinamuyesa dala, ndinati nyumba ikupsa. Anati inde amayi."

Kamfupi anaima pomwepo akukonza diripi yosafunika kukonza. Koma atayang'ananso kachipangizo kaja anaona nambala ikukwera pang'onopang'ono. Apongozi akamanena miseche ankaiwala kuti agonera mimba, ndipo popeza mpweya unali wochepa, ankayenera kupuma mozama asanatchule mlandu uliwonse. Mankhwala oposa amenewo mu wodimo munalibe. Choncho nambala ikayamba kutsika, Kamfupi ankafika pa bedi la pakona n'kuwaputa yekha.

"Paja munati mpongozi uja amasita bwanji?"

"Usandikumbutse mwanangu. Thalauza la mwana wanga limatuluka ndi mizere itatu mwendo umodzi. Ana a sukulu amaphunzirirapo masamu."

Anamva zambiri masiku amenewo. Anamva kuti mchere amathira ngati akuuopa. Anamva kuti makatani amene anawagulira chaka chatha anali a mtundu wa chimfine, ndipo anawapatsa galu kuti azigonapo. Anamva kuti amaseka mosatsegula pakamwa ngati munthu woba nyama mumphika. Zina zinkamupweteka, zina zinkamuseketsa, ndipo ubwino wa masiki ziwiri unali wakuti palibe ankadziwa kuti ndi ziti.

Tsiku lachitatu a Sajeni anamukodola ndi chala.

"Tabwera Kamfupi. Werama." Anatsitsa mawu. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikugwira akuba. Tiyi wa awawa unathira shuga masupuni atatu ndi theka osawafunsa. Dzulo atayetsemula unati pepani amayi, mawu ako n'kutsika mpaka mu jombo. Mpongozi uja ndiwe."

"Chonde a Sajeni."

"Ine sindiulula za anthu. Koma pilo wangayu ndi wopyapyala ngati kalata."

Analandira pilo wachiwiri. Kuyambira tsikulo a Sajeni ndi amene ankasonkhezera moto. "Ndiye mpongoziyo akamayenda amayenda bwanji?" ankafunsa mwaulemu, kenako n'kubisa nkhope m'mapilo awiri aja, thupi lonse likugwedezeka mpaka chifuwa chiwagwire.

Si masiku onse amene ankaseka. Pa bedi lachinayi panali mayi wina telala, wosayankhulayankhula, amene ankapinda bulangete lake mowongoka ngakhale ali wefuwefu. Lachisanu masana mpweya unamuthera. Popeza achibale sankaloledwa kulowa, Kamfupi ndi amene anagwira foni ya mu wodi pafupi ndi khutu lake, ana ake akusinthanasinthana kuyankhula mbali inayo, mpaka pamene panalibenso wowamva. Atamufunditsa nsalu, Kamfupi anakaima kuseri kwa masilinda a okosijeni. M'thumba muja munthu sapukuta misozi. Imangodzaza m'magalasi, uziyenda nayo.

"Kamfupi," anaitana apongozi. "Tabwera kuno. Khala apa."

"Sitiloledwa kukhala pa bedi."

"Ndiye tsamira." Anamugwira dzanja la magolovesi n'kulisisita ngati akusisita mwana. "Mayi ako alipo?"

"Anatisiya ndili wamng'ono."

"Ndiye ima pompa pang'ono, enawo adikire." Anakhala chete nthawi yaitali ndithu, chinthu chimene Kamfupi anali asanaonepo. Kenako anausa moyo. "Mpongozi wanga nayenso mayi ake anapita kale. Mwina n'chifukwa chake za mchere sazidziwa. Analibe womuuza."

M'mawa mwake apongozi anadzuka ali ndi mphamvu ndiponso ali ndi maganizo. Kamfupi akuwayeza kutentha kwa thupi, anamuyang'ana kuchokera ku chotchinga kumaso mpaka ku jombo.

"Kodi uli pabanja?"

"Ndili pabanja."

"Mwamunayo ngotani?"

Kamfupi anamva kachiwanda kakumutekenya. Zaka zisanu ndi zitatu za inde amayi zinali zambiri.

"Amangokhala pakhomo. Ntchito yake ndi yopopera buledi mankhwala."

"Buledi? Ameneyo mutu sukuyenda. Anamulera ndani? Mayi ake alipo?"

"Alipo."

"Ngotani?"

"Ovuta. Chilichonse ndingachite, cholakwika."

"Ndinadziwa," anatero apongozi, akumenya matiresi. "Azimayi ena sadziwa kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Amafuna mpongozi wotsika kumwamba. Akanakhala pafupi ndikanamuuza mawu awiri okha. Usamulekerere mwanangu, uzimuyankha."

Pa bedi linalo a Sajeni analuma pilo.

Masana aliwonse namwino ankazungulira ndi foni ya mu wodi kuti odwala aonane ndi a kwawo pa vidiyo. Itafika nthawi ya bedi la pakona, nkhope ya a Tichala inatulukira pa galasi la foni, ndevu zosameta, kumbuyo kwawo kukuoneka mbale zosatsuka.

"Amayi, mwadzuka bwanji?"

"Zimenezo zisiye. Kamfupi, tembenuza foniyo akuone. Wamuona uyu? Uyu ndi mkazi. Akayankhula, ngakhale bedi limamva. Banja lake silikuyenda bwino, anakwatiwa ndi chitsiru china chopopera buledi."

A Tichala anatsamwa ndi malovu awo omwe.

"Amayi, ine ndili ndi mkazi."

"Sindikunena za lero. Ndikungoti udziwe kuti kunja kuno kuli anthu."

A Tichala anayang'ana chithumba choyera chija, n'kuona maso awiri akuwathwanimira kuseri kwa nkhungu. Chanzeru chinali kutseka pakamwa, koma iwo anali munthu wokonda nthabwala, ndiponso anali atakhala okha m'nyumba nthawi yaitali.

"Nanga nkhope yake njotani, amayi?"

"Nkhope sadya."

"Chabwino amayi. Ndiganizira."

Kamfupi anadula foni.

Madzulo atafika pageti anaima chilili, anapoperedwa osanena kanthu, n'kulowa m'nyumba. A Tichala anamutsatira pampu ili m'manja.

"Kodi kwagwanji?"

"Mukuganizira?"

"Mayi a mwana, mkaziyo ndinu nomwe."

"Inu mukudziwa kuti ndine. Amayi anu sakudziwa. Akupatsani mkazi wina ine ndili moyo, inu m'malo mokana mukufunsa za nkhope."

"Ndiye mukuchitira nsanje ndani?"

"Musandifunse mafunso a m'kalasi."

Anakadzitsekera kuchipinda cha mwana, kumene ankagona chiyambire mliri. Atakhala pa kabedi kaja anayesa kuganiza kuti wakwiyira ndani kwenikweni, ndipo atalephera kupeza yankho anayamba kuseka yekha, koma motsitsa, kuti a Tichala asamve n'kuyesa kuti mlandu watha.

Tsiku lachisanu ndi chinayi kunatentha kuyambira m'mawa. Wamtali anali atadzuka ndi chifuwa, choncho mu wodi munatsala anamwino awiri. Amene ankayenera kudzawalandira masana sanabwere. Munthu ukalowa m'thumba muja sumwa madzi, supita kuchimbudzi, sukanda pamene payabwa, chifukwa ukalivula ndiye lotaya, ndipo matumba anali ochepa. Maola asanu ndi limodzi anasanduka asanu ndi anayi. Thukuta linali litadzaza m'jombo moti poyenda linkamveka. Kamfupi ankakoka silinda yatsopano kupita nayo ku bedi la pakona pamene anaona wodi ikupendekeka, mabedi akukwera kudenga. Anaganiza zoti atsamire khoma, koma khomalo linali litachoka.

Zimene zinachitika kenako anazimva kwa a Sajeni, amene anazifotokoza kangapo konse, nthawi iliyonse akuwonjezerako pang'ono. Akuti Wanyimbo anali kumapeto kwa wodi ndi wodwala wina wobanika, sakanatha kumusiya. A Sajeni anatenga ambulera ya apongozi n'kukamenya nayo chitseko cha galasi ngati akudzutsa akaidi. Apongozi, amene dzulo lake ankati sangathe kufika okha kubafa, anatsika pa bedi ngati mtsikana, kachubu kakukokeka kumbuyo, n'kugwada pansi.

"Mwana wa eni akuphikidwa wamoyo," anatero. "Apume."

Anachotsa chotchinga kumaso. Anachotsa magalasi, madzi n'kukhuthuka. Anakoka masiki yoyamba, kenako yachiwiri. Pansi pake anapeza nkhope yonyowa, yodindika mizere ya zingwe za masiki, pamphuno pali chilonda. Anaiyang'ana. Anapukuta maso awo n'kuiyang'ananso. A Sajeni akuti pa zaka zonse za ku polisi sanaonepo munthu atagwidwa chotero, katundu ali m'manja.

Kamfupi atatsegula maso anaona apongozi ake akumukupiza ndi fayelo ya dokotala, mwamphamvu ngati akukoleza mbaula.

"Amayi," anatero, ndi mawu ake akale aja.

"Tseka pakamwa, umeza matenda." Anamubwezera masiki, mozondoka. Kenako anayang'ana kumbali n'kunena mokweza kuti wodi yonse imve. "Ine ndinamudziwa tsiku loyamba lomwe."

"Bodza limenelo," anatero a Sajeni, "ndikanakhala ndili pa ntchito ndikanakutsekerani nalo."

Nthawi yomweyo munalowa chithumba china, chikuthamanga ndi botolo la diripi. Apongozi sanachipatse mpata.

"Iwe, kaitane akuluakulu ako."

"Akuluakuluwo ndine," anayankha a Metironi.

"Ndiye zakhala bwino. Mwana uyu mwamutsekera mu pulasitiki kuyambira m'mawa ngati nyama ya mu shopu. Madzi sanamwe. Ine ndakhala ndikumuyang'ana. Mukufuna afe kuti mumugoneke pati, poti mabedi adzaza? Mukumuona kuchepaku mukuyesa alibe kwawo? Ameneyu ndi mpongozi wanga. M'banja mwathu sitichita naye masewera."

A Metironi, amene madokotala enieniwo ankawaopa, anangoti, "Pepani amayi, bwererani pa bedi."

"Ndibwerera ndikaona diripiyo italowa."

Kamfupi sanapezeke ndi vuto lina koma kutha madzi m'thupi ndi njala. Komabe popeza anapuma mpweya wa mu wodi wopanda masiki, anamulamula kukakhala yekha m'chipinda masiku khumi ndi anayi. Masiku atatu oyamba a Tichala ankamusiyira chakudya pakhomo, n'kugogoda ndi ndodo ya tsache ali patali. Chakudyacho chinali mazira m'mawa, mazira masana, mazira madzulo, chifukwa china sankadziwa kuphika.

Tsiku lachinayi kunja kunamveka galimoto, kenako mawu.

"Undipopere uone."

Apongozi anali atatulutsidwa m'chipatala, ndipo m'malo mopita kwawo anauza dalaivala kuti akhotere kuno. Analanda pampu ija n'kukaitsekera m'kabati. Analengeza kuti popeza iwo matendawa adwala kale ndipo awagonjetsa, ndi okhawo m'banjamo oyenera kulowa m'chipinda cha wodwala. Kamfupi anayesa kufotokoza kuti sakudwala, akungodikira.

"Onse amatero," anayankha apongozi, n'kumuika dzanja pamphumi.

Anamuphikira phala, anamuchapira, anamudzola mafuta pa chilonda cha pamphuno. Ankamukakamiza kumwa madzi jagi yathunthu ataimirira pomwepo. A Tichala anawatuma kutsuka mbale zonse, kumeta ndevu, ndi kusita okha mathalauza awo kuti aone ngati n'zophweka. Za mu wodi palibe ankazitchula. Zinangokhala pakati pawo ngati mphika wotentha umene aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kuugwira.

Linali tsiku lakhumi pamene apongozi, atakhala pa mpando pafupi ndi zenera akusenda lalanje, anayankhula osamuyang'ana.

"Zija unanena za mayi a mwamuna wako zija."

"Linali thumba lija, amayi. Mumatentha. Munthu umangoyankhula zilizonse."

"Inenso linali thupi kutentha. Dokotala anati matendawa amafika mpaka ku ubongo."

"Amafika ndithu."

"Makatani aja galu sanagonepo. Ali m'sutikesi."

"Koma mtundu wake ngoipadi, amayi. Anali otsala okhawo."

Apongozi anamuyang'ana, n'kumupatsa theka la lalanje.

"Uziyankhula chonchi. Zoti inde amayi, inde amayi zija zimandichititsa mantha. Ndimayesa ukundikonzera chiwembu."

Atamuyeza tsiku lomaliza anapezeka kuti alibe matenda, ndipo Lolemba anabwerera ku ntchito. Anapeza zinthu zitasinthako. Wamtali anali atachira. Anabwera anamwino ena awiri obwereka ku chipatala china, ndipo pa chitseko cha galasi panamatidwa pepala lonena kuti namwino asapitirire maola anayi m'thumba asanatuluke kukamwa madzi. A Sajeni anali atapita kwawo, ndipo pilo wachiwiri uja anasowa tsiku lomwelo.

Akuvala m'kachipinda kosinthira, a Metironi analowa n'kutseka chitseko. Ankaoneka otopa kuposa masiku onse.

"Ndani anawapatsa apongozi ako nambala yanga?"

"Sindikudziwa, a Metironi."

"Akundiimbira tsiku lililonse. Dzulo anaimba kawiri, kufunsa ngati tagula mafani oziziritsa mu wodi. Lero m'mawa akuti ikamakwana thwelofu ndikuyang'anire ukumwa madzi, kenako ndiwaimbire ndiwauze kuti wamwa makapu angati. Ine ndili ndi chipatala chonse pamutu. Ukawauze asiye."

Kamfupi anakoka zipi ya thumba mpaka pakhosi.

"Auzeni nokha, a Metironi. Ine amenewo anandikanika."

Foni inayamba kulira m'thumba la yunifolomu ya a Metironi. Anaitulutsa, anayang'ana nambala, anaima mowongoka n'kuyankha.

"Inde amayi. Wafika. Ayi amayi, sanayambe."

Kamfupi anavala masiki yachiwiri msangamsanga, n'kukankha chitseko cha wodi. Pa bedi lachisanu wina anali atayamba kale kuitana.